MTENGO WA PAKHOMO NGWA YANI?

M'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa kufikira ku Nsanje, mwezi wa Okutobala ndi wa Novembala dzuwa limaswa mtengo. Kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nyumba ya malata imasanduka ng'anjo. Nthawi imeneyo munthu sakhala m'nyumba usana. Mayi amasinja pansi pa mtengo, khanda limagona pamphasa pansi pa mtengo, mlendo amalonjeredwa pansi pa mtengo, ndipo mlandu umaweruzidwa pansi pa mtengo. Kumapiri a Thyolo mthunzi ndi chinthu chokondweretsa chabe, koma kuchigwa mthunzi ndiwo chipinda chachikulu cha banja.

Komabe mtengo womwewo tsiku lina umadulidwa. Wina amaudula kuti apeze ndalama, wina chifukwa ukuopseza nyumba, wina chifukwa watopa ndi kusesa masamba. Akafunsidwa, onsewo yankho lawo ndi limodzi: "Mtengowu ngwanga, uli pakhomo panga." Tsono funso la nkhani ino ndi ili: kodi mawu amenewa ndi okwanira? Kodi munthu akhoza kuchita chilichonse ndi mtengo chifukwa chakuti unamera pabwalo pake?

Mlandu wa mtondo

Wowerenga ayerekeze mudzi wina wa kufupi ndi Ngabu. M'mudzimo muli bambo amene ali ndi mtondo waukulu m'malire a bwalo lake. Thunthu lili kwake, koma nthambi zina zatambalala pamwamba pa bwalo la mayi wina wamasiye, amene khitchini yake ndi khola lake la mbuzi zili mumthunzi womwewo. Mtengowo sanadzale bamboyo. Anausiya ndi agogo ake pamene ankaswa mphanje. Chaka chino mwana wa bamboyo wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo pakufunika ndalama za yunifomu, za ulendo ndi za chigonero. M'nyumba mulibe kanthu. Pamenepo pafika mmisiri wosema mabwato, ndalama zili kumanja, akufuna thunthulo kuti asememo mwadiya.

Mayi wamasiye uja atamva, anapita kwa mnansi wake nati, "Achimwene, ndamva kuti mtondo ukugwa. Nanga ine ndi anawa tidzakhala pati dzuwa likakwera?"

Bamboyo anayankha nati, "Achemwali, mtengowu ndi wa agogo anga. Kodi mwana wanga aleke sukulu chifukwa cha mthunzi wanu?"

Palibe wabodza mwa awiriwa, ndiponso palibe wouma mtima. Mlandu wa munthu woipa ndi munthu wabwino suvuta kuweruza, ngakhale mwana akhoza kuugamula. Mlandu wovuta ndi uwu wa anthu awiri amene onse ali ndi mawu oona. Nkhaniyo inapita kwa nyakwawa. Koma asanamve chigamulo, wowerenga ayambe waona zimene munthu woweruza bwino ayenera kuziganizira.

Zimene anthu akale ankadziwa

Amang'anja akale sankayesa mitengo yonse kukhala yofanana. Panali mitengo imene munthu sankaikhudza konse. Kufupi ndi boma la Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, ndipo m'nkhalango imeneyo nkhwangwa siloledwa kufikira lero. Manda nawonso ali chimodzimodzi: munthu woyenda pamsewu wa ku Bangula akaona kankhalango kowirira pakati pa minda yoyera, amadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Malo amenewa sanasungidwe ndi mpanda kapena mlonda. Anasungidwa ndi ulemu.

Panalinso mitengo imene munthu ankaisiya poswa munda, chifukwa inali yodyetsa mudzi. Wotere ndi mlambe, umene umakhala zaka zopitirira 1,000 ndipo umapatsa zipatso, masamba ndi luzi, bwemba, masawu, amene amapsa m'nyengo yozizira, ndiponso mtondo womwe. Chipatso chogwa pansi mwana aliyense ankatola osaopa kuti atchedwa wakuba. Msangu nawo ankausiya pakati pa munda, pakuti mtengo umenewu uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba mvula ikayamba, kotero suphimba mbewu, ndipo masamba ake amanonetsa nthaka, m'chilimwe umaphukanso nupatsa mthunzi, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimadya zikhokhombe zake.

Koma mtengo wodzala ndi manja, monga mango, unali wa amene anaudzala. Apa mpamene pankabuka nkhani zina. Mwa Amang'anja mwamuna ankakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo ukwati ukatha iye ankachoka, mango n'kutsala. Mwa Asena, amene amalowola, mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo iyenso akhoza kusiya zimene anadzala. Chifukwa cha ichi ena amachita ulesi kudzala, amati, "Ndidzalirenji mtengo pamudzi pa eni?" Koma amene adzadye mangowo ndi ana ake omwe. Mwambo wonsewu ukuonetsa chinthu chimodzi: makolo ankadziwa kuti mtengo umakhala nthawi yaitali kuposa mwini wake, ndipo umafika kutali kuposa malire a bwalo lake.

Mmene chigwa chinayerera

Mitengo ya m'chigwa sinathe tsiku limodzi. M'chaka cha 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, imene inkayenda ndi moto wa nkhuni, ndipo iye mwini anadandaula kuti anthu ake ankatha nthawi yambiri akutema nkhuni za sitimayo. Pambuyo pake sitima za amalonda zinkafika ku Chiromo ndi kwa Katunga, nazonso zikudya nkhuni za m'mbali mwa mtsinje. Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre. Ulimi wa thonje unakula, ndipo minda inalowa m'tchire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi, ndipo ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Anthu amenewa anayenera kumanga ndi kuphika, ndipo palibe angawadzudzule. Koma pamene ankabwerera kwawo mtendere wa 1992 utachitika, malo ambiri anali atayera. Masiku ano makala ndiwo akumaliza zotsala, pakuti mabanja ambiri a mumzinda wa Blantyre amaphikira makala.

Zotsatira zake anthu a m'chigwa akuziona ndi maso. Phiri likavulidwa mitengo, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'mitsinje. Mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa unadzaza mchenga, ndipo mtsinje wodzaza mchenga suchedwa kusefukira. Madzi anaononga kwambiri mu Januwale 2015, pamene Ruo anasiya njira yake kufupi ndi Makhanga. Anaononganso mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira, ndipo dziko lonse linavutika ndi mdima kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi.

Pano payenera kunenedwa zoona. Mitengo siletsa namondwe, ndipo Shire wakhala akusefukira kuyambira kale. Ulimi wa kudimba umadalira madzi omwewo. Koma mitengo imachedwetsa madzi ndi kugwira dothi, ndipo kumene kulibe mitengo madzi amabwera mofulumira, atanyamula mchenga, miyala ndi zipika. Chofunika kuchizindikira ndi ichi: palibe munthu mmodzi amene anadzuka m'mawa nati, "Lero ndikaononge chigwa." Aliyense anadula mtengo umodzi, kapena iwiri, ndipo aliyense ankati, "Ngwanga." Wodula anali kumtunda, wolipira anali kumunsi.

Zimene lamulo likunena

Boma nalo lakhala likuika malamulo. M'chaka cha 1926 boma la atsamunda linayambitsa nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikule. Mfundo zake zokhudza munthu wa pamudzi ndi zosavuta kumva.

Choyamba, munthu amene asamala mtengo pamalo amene ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, kaya ndi wodzala kaya ndi womera wokha, ndiye mwini wake, ndipo akhoza kupindula nawo m'njira yosaononga. Chachiwiri, kutema mitengo ya ntchito ya pakhomo n'kosiyana ndi kutema ya malonda. Wofuna kuchita malonda ndi mitengo yachilengedwe ayenera kuyamba waonana ndi a zankhalango. Chachitatu, kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu. Chachinayi, nkhalango ya mudzi ili ndi komiti yake ndi malamulo ake, ndipo m'nkhalango za boma monga Matandwe ku Nsanje, kapena m'malo osungira nyama a Lengwe, Majete ndi Mwabvi, munthu satemamo popanda chilolezo. Ndiponso mitengo ina, monga mbawa, mlombwa ndi tsanya, boma linaiika m'gulu la mitengo yotetezedwa. Lamuloli si la osauka okha: mu Novembala 2016 anthu 35 anagwidwa m'nkhalango ya Lengwe akudula tsanya ndi makina akuluakulu, ena mwa iwo ochokera kunja, ndipo anazengedwa mlandu.

Wowerenga aonetsetse mfundo yoyamba ija. Lamulo silikuti mwini mtengo ndi amene ali ndi nkhwangwa. Likuti mwini mtengo ndi amene amausamala. Apa boma ndi makolo agwirizana.

Komatu lamulo lokha silisunga mtengo. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kulima mizere, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu a m'chigwa chino anakana malimidwe amenewo mwamphamvu, pakuti anabwera ndi chikoti osati ndi kukambirana. Nkhalango ya Khulubvi yakhala zaka mazanamazana popanda wapolisi, pamene nkhalango zina zokhala ndi alonda zikutha. Munthu amene amasiya mtengo chifukwa cha mantha okha adzaudula usiku.

Mtengo wa mtengo

M'Chichewa mawu akuti "mtengo" ali ndi matanthauzo awiri: chomera chija, ndiponso ndalama zimene munthu amalipira pogula chinthu. Nanga mtengo wa mtengo ndi wotani?

Wogula amawerenga thunthu lokha: mutuluka matabwa angati, kapena matumba angati a makala. Ndipo ngakhale ndalama zimenezo sizifika zonse kwa mwini. Pali malipiro a wodula, makamaka ngati abwera ndi macheka a injini, amene amafuna mafuta. Pali ocheka matabwa, pali ngolo yonyamula. Mtengo ukagwera molakwika pali malata a mnansi oti agulidwe, kapena mbuzi yoti ibwezedwe, ndipo nthawi zina pali chindapusa cha kubwalo. Anthu ambiri adabwa poona kuti mtengo wa zaka 60 wasanduka ndalama zotha m'sabata ziwiri.

Koma pali mtengo wina umene sulembedwa papepala. Banja lodula mthunzi wake limayamba kugona m'nyumba yotentha. Mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula yoyamba imapeza denga lili poyera, ndipo chaka chilichonse m'chigwa muno nyumba ndi sukulu zimasasuka madenga. Mayi amene ankatola nthambi zouma pakhomo amayamba kuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni. Ana amene ankatola zipatso amasowa chotola. Ndipo ngongole yaikulu ndi ya nthawi: nkhwangwa imagwetsa mtondo m'mawa umodzi, koma wodzala mtondo lero adzakhala nkhalamba usanafike msinkhu womwewo. Chinthu chimene munthu sangathe kuchibweza m'moyo wake ayenera kuchiganizira kawiri asanachiononge.

Pamene kusadula ndiko kulakwa

Wina angaganize kuti nkhani ino ikuti mtengo usadulidwe konse. Iyayi. Pali nthawi imene munthu amalakwa chifukwa chosadula.

Mtengo umakalamba ndipo umadwala monga munthu. Zizindikiro zake mwini nyumba ayenera kuzidziwa: nthambi zakunsonga zikamauma, bowa akamamera patsinde, chiswe chikamanga njira zake kukwera thunthu, thunthu likamalira ngati ng'oma poligogoda, kapena dothi likatukuka mbali imodzi mvula itagwa ndipo mtengo wayamba kupendekeka. Mtengo wotere ukaima pamwamba pa nyumba imene mumagona ana, mwini wake sangadzikhululukire ponena kuti amakonda mitengo. Mnansi akamchenjeza kamodzi, kawiri, iye osachitapo kanthu, ndiye tsiku lina mtengo n'kugwera nyumba, chilungamo chimafuna kuti mwiniyo alipire, pakuti anadziwa. Koma mtengo wamoyo ndi wolimba ukazulidwa ndi namondwe, limenelo ndi tsoka, ndipo anansi ayenera kuthandizana osati kusumirana. Amene amati "ngwanga" pa nthawi ya zipatso ayeneranso kunena "ngwanga" pa nthawi ya mlandu.

Kudula nakonso kuli ndi mwambo wake. Mwini ayenera kuuza anansi lisanafike tsikulo, kuti achotse ana ndi ziweto. Asadule tsiku la mphepo, ndipo wodula asakhale atalawa mowa. Ayang'ane ngati m'mphako mulibe njuchi. Mtengo waukulu wa pafupi ndi nyumba umayamba wasadzidwa nthambi imodziimodzi, zikutsitsidwa ndi chingwe. Pambuyo pake thunthu limatemedwa kukamwa mbali imene akufuna kuti ligwere, kenaka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kukamwako. Wodula akhale ataona kale kothawira. Ngati nthambi zayandikira mawaya a magetsi, munthu asayese yekha. Aitane a ESCOM. Kulipira munthu wodziwa ntchito n'kotsika mtengo kuposa maliro.

Mavuto ambiri otere amayamba pa tsiku lodzala. M'mera mpoyamba. Mtengo wokula kwambiri usadzalidwe pafupi ndi khoma, chimbudzi kapena chitsime, kapenanso pamalire enieni popanda kupangana ndi mnansi. Nimu, umene wafala m'chigwa muno chifukwa umapirira dzuwa, ndi mthunzi wabwino, koma umafuna malo ake ndi kusadzidwa nthawi ndi nthawi. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande zambiri zimadzalidwa. Koma kuchigwa mbande yopanda mpanda wa minga ndi chakudya cha mbuzi, ndipo yosathiriridwa m'chilimwe choyamba imapserera. Munthu asadzitame ndi mitengo imene anadzala. Awerenge imene yafika chaka chachitatu. Njira ina yosafuna ndalama ndiyo kusamala mphukira za pachitsa: mwini amasankha ziwiri kapena zitatu zowongoka n'kuchotsa zinazo, ndipo zimakula msanga chifukwa mizu yake ndi yakale.

Nanga munthu wa njala?

Pali funso limene munthu woona mtima sangalizembe. N'chapafupi kwa munthu wokhuta kulalikira za mitengo. Nanga amene mapira ake apsa ndi dzuwa, kapena munda wake wakwiririka ndi mchenga, ndipo ana akulira? Iye amati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mthunzi wa zaka zakutsogolo sudyetsa mwana lero." Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuweruza. Moyo wa mwana uposa mtengo uliwonse.

Komabe ngakhale m'njala muli kusiyana. Kusadza nthambi n'kosiyana ndi kugwetsa thunthu, pakuti nthambi zimaphukanso. Kudula kamodzi pa tsoka n'kosiyana ndi kusandutsa kudula kukhala ntchito ya masiku onse. Kudula n'kudzala ina n'kosiyana ndi kudula n'kutembenuka. Ndiponso njala ya chaka chino isabereke njala ya chaka chamawa: munthu wogwetsa msangu wa m'munda mwake wagulitsa manyowa a zaka zambiri.

Koma palinso mbali ina imene anthu amaiwala. Ngati mtengo umapindulitsa mudzi wonse, si chilungamo kuti katundu wousunga asenze munthu mmodzi. Anansi amene amakhala mumthunzi sangangonena kuti, "Usadule," n'kubwerera kwawo. Wa mumzinda amene amaphikira makala tsiku ndi tsiku sangatukwane wootcha makala ngati kuti iye alibe mbali. Wodya nawo ayenera kusenza nawo. Mutu umodzi susenza denga.

Chigamulo cha nyakwawa

Tsono wowerenga abwerere ku mlandu wa mtondo uja. Nyakwawa wanzeru sangafunse funso limodzi lokha lakuti thunthu lili m'bwalo la yani, pakuti limenelo aliyense akulidziwa. Atamva mbali zonse, iye anatembenukira kwa bambo uja nati, "Bambo, mtengowu ngwanu, palibe akutsutsa. Koma munaupeza. Agogo anu anali ndi nkhwangwa, ndipo nawonso anali ndi mavuto awo, koma anausiya. Kodi anasiyira inu nokha, kapena anasiyiranso adzukulu anu? Ndiponso mudziwe kuti mtengo wachilengedwe sugulitsidwa mwakachetechete. Mlangizi wa zankhalango ayenera kudziwa."

Bamboyo anati, "Zikomo mfumu, ndamva. Koma mwana apite bwanji kusukulu?"

Pamenepo nyakwawa anatembenukira kwa mayi uja ndi kwa anthu onse a pabwalo nati, "Mayi, mwadandaula za mthunzi, ndipo mwanena zoona. Inunso nonse mwakhala mukutola matondo pamenepa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mukufuna kuti mtengowu uime, mwanayu apite kusukulu ndi manja a tonse."

Mayi wamasiye anapereka kamwana ka mbuzi. Amalume a mwanayo anasonkha zimene akanatha. Amayi a banki m'khonde anavomera kubwereka bamboyo ndalama zoti adzabweze akagulitsa thonje. Ndipo poyang'anitsitsa mtengowo anapeza nthambi yaikulu youma ikulendewera pamwamba pa khola la mayi uja. Imeneyo inasadzidwa tsiku lomwelo, nkhuni zake n'kugulitsidwa. Ndalama zonse pamodzi sizinafike pa zimene mmisiri wa mabwato analonjeza, ndipo bamboyo anatsala ndi ngongole. Koma mwana anapita kusukulu, ndipo mtondo unatsala.

Si milandu yonse imene imatha chotere. Pali midzi imene anthu onse ali ndi njala tsiku limodzi, ndipo palibe wosonkha. Pamenepo mtengo ukhoza kugwa ndithu. Koma ugwe anansi atauzidwa, lamulo litatsatidwa, ndipo mwini atalonjeza pamaso pa anthu kuti adzalera ina m'malo mwake. Kudula kotere ndi kwa munthu amene wagonja ndi vuto, osati kwa munthu amene sasamala.

Mawu otsiriza

Yankho la funso lija tsopano laoneka. Mtengo wa pakhomo ngwa mwini khomo. Mwambo ukuvomereza, lamulo likuvomerezanso. Koma umwini wake suli ngati wa khasu kapena wa njinga. Khasu munthu amagula yekha, amalimira yekha, ndipo likatha amagula lina. Mtengo amaulandira kwa amene anapita, amagawana mthunzi wake ndi amene ali pafupi, ndipo adzausiyira amene sanabadwe. Mwini mtengo ali ngati mwini mbumba: ali ndi mphamvu, koma mphamvu yake ndi yosunga, ndipo tsiku lina adzafunsidwa.

Chotero munthu asananole nkhwangwa adzifunse mafunso atatu. Kodi mtengowu unafika bwanji pano, ndipo unatenga zaka zingati? Kodi ndani wina amene adzamva kugwa kwake, kaya ndi mnansi wa kuseri kwa mpanda, kaya ndi mlimi wa kudimba? Kodi pamalo pake padzaima chiyani? Akayankha mafunso amenewa mosadzinamiza, ndipo aona kuti kudula n'koyenera, adule mosamala ndi mtima woyera. Akalephera kuyankha, abweze nkhwangwa m'nyumba ndipo akafunse anzake, pakuti mtengo umene sunadulidwe lero ukhoza kudulidwa mawa, koma umene wagwa suimikidwanso.